Chifukwa Chiyani Mau a M'wailesi Amasasa?

Wailesi ikayamba kulira mosasa ngati ng'oma yobooka, ambiri a ife timafulumira kunena kuti mabatire atha. Mwina nzoona. Koma nthawi zina mlandu uli kutali, ku nyumba youlutsira mau, m'makina aja otchedwa transmitter. Pano ndikamba za kaulutsidwe kotchedwa amplitude modulation, kapena AM mwachidule. Ndiko kankabweretsa Chinyanja kuchokera ku Lusaka m'mawailesi aja a "saucepan" amene anayamba kugulitsidwa mu 1949, ndipo oyendetsa ndege amalankhulana m'njira yomweyi mpaka lero.

Mau paokha sangapite kutali. Tsono transmitter imapanga funde lamagetsi lotchedwa carrier, ndiye kuti wamtengatenga, ndipo mau ndiwo katundu wake. Woulutsa akakhala chete, fundelo limakhala pa msinkhu umodzi. Akayamba kulankhula, msinkhuwo umakwera ndi kutsika motsata mau ake, ndipo wailesi yanu imatenga kukwera ndi kutsikako nkukusandutsanso mau. Chotero makina akapotoza maonekedwe a funde, inu mudzamva zopotoka, ngakhale wailesi yanu ikhale yodula chotani.

Taonani tsono pamene pagona vuto. Funde likakwera kufikira kawiri msinkhu wake, ndi kutsika kufikira litatheratu, akatswiri amati modulation yakwana 100 peresenti. Woimba akakuwa kupyola apo, funde lilibenso kotsikira, monga simungatunge madzi kupyola pansi pa chitsime. Kwa kamphindi transmitter imakhala ngati yazima, ndipo chidutswa cha mau chimatayika. Choipa koposa nchakuti kudukako kumabala mafunde ena osafunika amene amakasokoneza nyumba zoulutsira mau zoyandikana nayo, ngati mbuzi zolowa m'munda wa eni. Malo ngochepa ndithu, pakuti pa medium wave kuno ku Africa ndi ku Ulaya nyumbazi zimatalikirana 9 kHz yokha.

Wina adzafunsa: bwanji osangotsitsa mau? Masamu akukana. Carrier ya mawati 1,000 ikasenzetsedwa 100 peresenti, mau amaonjezapo mawati 500. Ikasenzetsedwa 50 peresenti, mau amangokhala ndi mawati 125, ndipo womvera wakutali amangomva phokoso. Wamtengatenga wadya phoso lonse koma wanyamula kamtolo! Nchifukwa chake injiniya amafuna kuyandikira malire osawalumpha, ndipo amaika chipangizo chotchedwa limiter pakati pa maikolofoni ndi transmitter. Ichi chimalola mau apansi kudutsa, koma okuwa chimawabweza msanga.

Kupotoka kwina kumachokera m'mavalavu ndi m'matransistor okuza mphamvu, pakuti sakuza mbali zonse za funde mofanana. Mankhwala ake, amene ine ndimawaona ngati nzeru yoposa zonse pa nkhaniyi, anapezedwa ndi Harold Black wa ku Bell Telephone Laboratories mu 1927. Maganizowo anamdzera ali m'chombo chooloka mtsinje wa Hudson popita ku ntchito, ndipo anawalemba pa nyuzipepala imene inali m'manja mwake. Iye ankafuna kukonza matelefoni a mtunda wautali, koma a wailesi nawo anapindula. Njirayi imatchedwa negative feedback. Amatapa pang'ono pa funde lotuluka, nkulisandutsanso mau, nkuwatembenuza, kenaka nkuwasakaniza ndi mau olowa. Pamene makina anakweza mopitirira, zobwererazo zimatsitsa. Pamene anaperewera, zimalola kuti akweze. Makina amadzidzudzula okha, chinthu chimene ena a ife m'kalasi chimativuta! Mtengo wake ulipo: kukuza kumachepa. Koma mukalola kuti kuchepe kakhumi, kupotoka nakonso kumachepa pafupifupi kakhumi. A ofesi yolembetsa zotulukira anakayika zedi, kotero kuti chikalata chake chinatuluka mu 1937.

Nanga injiniya adziwa bwanji kuti zonse zili bwino, popeza khutu limanyenga? Amalumikiza oscilloscope mwa njira yoti mau aziyendetsa kadontho kowala cham'mbali, ndipo funde lizikayendetsa chokwera ndi chotsika. Pagalasi pamaoneka trapezium, ija ya m'phunziro la Geometry. M'mbali mwake mukakhota, makina akupotoza. Ikasanduka triangle, 100 peresenti yakwana. Koma kunsonga kwa triangle kukamera kamchira, malire alumphidwa, ndipo ayenera kutsitsa mau nthawi yomweyo.