Msika wa Akapolo ku Zanzibar

Makolo ndi achinyamata amene mudzakhale ndi mwayi wofika pa chilumba cha Zanzibar, musadzathere nthaŵi yonse pa mchenga wa kunyanja. Mudzapite ku Mkunazini, mu mzinda wakale wa Stone Town, pamene panali msika wa akapolo. Msikawo unatsekedwa mu 1873, chaka chimene Dr David Livingstone anamwalira, ndipo pamalo pomwepo a mpingo wa Anglican anamangapo tchalitchi. Pambali pake pali nyumba yoonetsera zithunzi ndi mbiri ya malonda oipawo.

Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo anali abale athu. Jumbe wa ku Nkhotakota ankawaolotsa Nyanja ya Malaŵi m'zombo, ndipo kutsidyako ankayenda pansi, magoli ali m'khosi, kufikira ku Kilwa. Ofooka ankatsala panjira. Panja pa tchalitchicho pali ziboliboli zisanu za anthu oimirira m'dzenje, atamangidwa unyolo. Mwana amene amaodzera pa phunziro la mbiri m'kalasi sangaodzere pamenepo.

M'tchalitchimo muli mtanda waung'ono, wosemedwa kuchokera ku mtengo umene patsinde pake anakwirirapo mtima wa Livingstone kwa Chitambo, ku Zambia.