KUGULA MAKINA AKULU: KU OKUSHONI KAPENA KU KAMPANI?

Msewu wochokera ku Njakwa kufika ku Livingstonia, umene Boma linapatsa kampani ya Mota-Engil kuti iumange, wasintha maganizo a anthu ambiri a m'mapiri a Phoka m'boma la Rumphi. Kale katundu wolemera anali kukwera phirilo movutika, koma tsopano alimi a khofi, eni migodi ya malasha, omanga nyumba ndiponso a mpingo angathe kubweretsa thirakitala, gireda kapena katapila mpaka pakhomo. Tsono funso limene lisautsa munthu wofuna makina otere ndi ili: kodi apite ku okushoni kumene mtengo uoneka wotsika, kapena alowe m'sitolo ya kampani imene igulitsa makinawo m'dziko muno? Wolakwitsa pa nkhani iyi angathe kutaya chuma chimene anasonkhanitsa zaka khumi.

MMENE ANACHITIRA AKALE

Livingstonia ndi malo amene adziwa za makina kuyambira kale. M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland anabwera ndi sitima yotchedwa Ilala, imene inamasulidwa zidutswazidutswa, ndipo anthu mazanamazana anaisenza pamutu kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire, nailumikizanso kumtunda kwake. Pamene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Khondowe m'chaka cha 1894, ntchito inakula koposa. Mipope ya madzi ndi makina a magetsi zinachokera kutsidya la nyanja, zinatsitsidwa pa doko la Florence Bay, limene lero litchedwa Chitimba, ndipo zinakwezedwa phiri. Pofika chaka cha 1905 pa Khondowe panayaka magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi.

Chimene chinasunga makina amenewa ndi anthu. Pa sukulu ya Overtoun anyamata anali kuphunzira umisiri wa zitsulo, wa matabwa, wa kumanga ndi wa kusindikiza mabuku, kotero kuti chitsulo chikathyoka panali wochisula pomwepo. Ndiponso m'chaka cha 1878 amalonda a ku Glasgow anayambitsa kampani imene inadzatchedwa African Lakes, ndipo anatuma abale awiri, John ndi Frederick Moir, kuti aiyendetse. Iyi ndiyo Mandala, imene inali kunyamula katundu wa amishoni ndi kusunga zofunika m'masitolo ake. Akalewo anazindikira kuti makina safuna kugulidwa kokha iai. Afuna mmisiri, zipangizo ndi njira yofikira pamene pali ntchito.

UBWINO NDI MSAMPHA WA OKUSHONI

Ku okushoni kupezeka makina amene anagwirapo ntchito: a makampani amene atsiriza kumanga misewu, a anthu amene alephera kubweza ngongole, a Boma amene akalamba, ndiponso katundu amene eni ake sanamuombole kwa a msonkho a MRA. Ena agula kutali, ku Johannesburg kapena ku Dubai. Ubwino wake ndi woonekeratu: mtengo umayambira pansi, ndipo munthu wodziwa zitsulo angathe kupeza makina amphamvu pa ndalama zimene sakadagula nazo atsopano.

Koma akulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo la okushoni ndi lakuti chinthu chigulitsidwa monga chiliri. Ku South Africa atchula lamuloli kuti voetstoots. Nyundo ikagunda, wogula sangabwerenso kudzadandaula kuti injini ikutha mafuta. Pamwamba pa mtengo umene anatchula, alipiranso gawo la woyendetsa okushoni, ndipo apatsidwa masiku owerengeka kuti amalize kulipira ndi kuchotsa katundu wake pabwalo. Akagula kunja, pali ndalama ya sitima kufika ku Dar es Salaam kapena ku Beira, ya lole yaitali yonyamula makina, ndi ya pa chipata cha Songwe kapena cha Mwanza. Zambiri mwa izi zifuna ndalama zakunja, ndipo awerengi akumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu amene katundu wake anali m'njira masiku amenewo anaona mtengo wa ulendo ukukwera iye ali m'tulo.

Palinso msampha wina umene ambiri saudziwa. Makina atsopano opangira maiko a ku Ulaya ndi ku Amereka ali ndi zosefera utsi ndi timakompyuta timene tifuna dizilo woyera kwambiri. Akalandira mafuta a m'migolo, odetsedwa ndi fumbi kapena madzi, amadzichepetsa mphamvu okha, ndipo makaniko wa sipanala yekha sangathe kuwadzutsa.

Mapepala nawonso ndi ofunika. M'chaka cha 2016 Ombudsman, Mayi Martha Chizuma, anatulutsa lipoti lonena kuti mathirakitala amene Boma linagula ndi ngongole yochokera ku India anagulitsidwa mosatsata njira yake, ndipo m'chaka cha 2019 khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi mphamvu za ofesi yake pa mlanduwo. M'chaka cha 2017 kunakhazikitsidwa lamulo loyang'anira kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katundu wa Boma. Wogula wanzeru afunse ngati malondawo analengezedwa poyera, ndipo asunge lisiti lake bwino lomwe.

MTENGO WA KAMPANI

Kwa zaka zambiri makina a Caterpillar agulitsidwa muno ndi Barloworld Equipment, ndipo mathirakitala a Massey Ferguson ndi Farming and Engineering Services. Mtengo wa kampani yotere ndi wokwera ndithu, pakuti m'kati mwake muli ndalama ya ulendo, ya nyumba zosungiramo zipangizo ndi malipiro a amisiri. Koma wogula alandira kalata ya lonjezo lakuti makina akaonongeka m'nthawi yoikika kampani idzakonza. Apeza zipangizo zenizeni. Woyendetsa wake aphunzitsidwa. Ndipo banki sivuta kwambiri kukongoza ndalama pa makina amene mbiri yake idziwika. Mkangano ukabuka, wogulitsa ali m'dziko lomwe lino ndipo makhoti angathe kumuitana.

Ngakhale zili tero, munthu wa ku Livingstonia asanyengedwe ndi mawu akuti kampani ya kwathu. Kuchokera ku Blantyre kufika pa Khondowe ndi makilomita oposa 700. Chotero asanasaine afunse ngati kampaniyo ili ndi mmisiri ku Mzuzu, masiku angati amene iye angatenge kuti afike, ndiponso amene adzalipire ulendo wake.

PHIRI NDILO WOWERUZA

Msewu wakale wa Gorodi, wokwera kuchokera ku Chitimba, uli ndi ngodya 20 zokhota kwambiri, ndipo ukwera mamita oposa 700. Lole yaitali singadutse m'menemo. Iyenera kuzungulira njira ya ku Njakwa. Pa mtunda wotere mabuleki ofooka ndi imfa, ndipo injini yotopa imatentha isanafike pamwamba. Ntchito ya misewu ndi yokumba iyenda bwino m'chilimwe; makina akaima mwezi wathunthu kudikira kachitsulo kochokera kunja, mvula ipeza ntchito isanathe, pamene malipiro a antchito ndi chiwongoladzanja cha banki siziima. Pa migodi ya malasha monga ya Mchenga ndi Kaziwiziwi, tsiku limene makina agona ndi tsiku limene malole abwerera opanda kanthu.

Wofuna okushoni, tsono, apite tsiku loonera katundu pamodzi ndi makaniko wake. Alize injini ili yozizira nayang'ane utsi: wobiriwira usonyeza kuti ikutentha oyilo, wakuda usonyeza vuto la mafuta kapena mpweya. Aone ngati mipope ya oyilo ikudontha, ngati unyolo ndi magudumu a katapila zadyeka, pakuti zimenezi ndizo zidya ndalama zambiri pokonza. Asakhulupirire kawotchi kowerenga maola kokha, chifukwa kamasinthidwa. Alembe nambala ya makina ndi kufunsa ku kampani ngati zipangizo zake zipezeka muno. Potsiriza aike malire a ndalama asanalowe pabwalo, ndipo asapikisane ndi mnzake chifukwa cha manyazi. Safunsa anadya phula.

Okushoni iyenera munthu amene ali ndi mmisiri wakewake, ndalama zapadera zokonzera, ndi makina ena ogwira ntchito pamene awa afa. Kampani iyenera iye amene moyo wa ntchito yake yonse udalira makina amodzi. Ndipo amene afuna gireda milungu iwiri yokha pa chaka achita bwino kubwereka, monga momwe Boma linaganizira pokhazikitsa bungwe la PVHO, kapena kusonkha pamodzi ndi anzake monga achitira alimi a khofi m'makopaletivi awo, pakuti mutu umodzi susenza denga.