Njinga yamoto ya Lawrence ndi chipewa chimene inatisiyira

Aliyense wofika ku Area 23 mumzinda wa Lilongwe m'mamawa amalandiridwa ndi phokoso la njinga zamoto. Pa siteji anyamata a kabaza amakhala atandandalika ma Lifo ndi ma SanLG awo, kudikira wopita ku Kawale, ku Biwi kapena m'tauni. Ena mwa iwo ndi ana athu a ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, amene anasiya bwato ndi ukonde kudzasaka ndalama kuno. Kwa iwowa njinga ndi khasu. Ikatheratu, imakathera kwa amakaniko kuti achotseko zitsulo.

Komatu abale ndi alongo, kunja kuno ziliko njinga zamoto zimene zikamakalamba mtengo wake ndiye umanka nukwera. Lero tikufuna tikusimbireni za imodzi mwa izo, chifukwa mbiri yake ikukhudza mutu wa mwana wanu amene ali pa siteji paja.

Ku Nottingham, m'dziko la England, kunali mkulu wina dzina lake George Brough. Kuyambira 1919 mpaka 1940 iye ankapanga njinga zamoto zotchedwa Brough Superior, ndipo pa zaka zonsezo anapanga pafupifupi 3,000 zokha. Yotchuka kwambiri inali SS100, imene inatuluka mu 1924. Iliyonse ankaigulitsa ndi chitsimikizo chakuti yayesedwa ndipo yathamanga makilomita oposa 160 pa ola. Anthu ankaitcha Rolls-Royce ya njinga zamoto.

Mmodzi mwa makasitomala ake anali T. E. Lawrence, msilikali wa ku Britain wobadwa mu 1888, amene anamenya nawo nkhondo ya Aluya yolimbana ndi ulamuliro wa Ottoman pakati pa 1916 ndi 1918, ali limodzi ndi Faisal, mwana wa Sharif Hussein wa ku Makka. Ndiye uja dziko limamudziwa kuti Lawrence of Arabia. Za ntchito yake ku Arabia olemba mbiri amatsutsana mpaka lero, koma pa za njinga palibe mkangano: anakwerapo ma Brough Superior asanu ndi awiri motsatizana, ndipo wachisanu ndi chitatu anali akumupangirabe pamene iye anamwalira.

Pa 13 Meyi 1935, ali pafupi ndi kanyumba kake ka Clouds Hill m'chigawo cha Dorset, anatulukira mwadzidzidzi anyamata awiri ali pa njinga zakapalasa. Pofuna kuwapewa, iye anaponyedwa pansi n'kumenyetsa mutu. Sanavale chipewa chodzitetezera, pakuti masiku amenewo chinali cha ochita mipikisano. Anagona chikomokere masiku asanu ndi limodzi, ndipo anamwalira pa 19 Meyi ali ndi zaka 46.

Njingayo, nambala yake GW 2275, inakonzedwanso ndipo ilipo mpaka pano m'manja mwa munthu wosonkhanitsa zinthu zakale. Kwa zaka zingapo inaonetsedwa ku Imperial War Museum mumzinda wa London. Filimu yosimba za moyo wa Lawrence, imene inatuluka mu 1962, imayamba ndi ngozi yomweyi, ndipo inaonjezera kutchuka kwake. Ngakhale kampani imene inadzutsanso dzina la Brough Superior, n'kumapanga njinga zake ku France, inatulutsa mu 2021 njinga yatsopano ya maonekedwe achikale yotchedwa Lawrence, ndipo inalengeza kuti ipanga 188 zokha pokumbukira chaka chimene iye anabadwa.

Kodi anthu olemerawa amagula chiyani kwenikweni? Sagula liwiro, pakuti njinga zambiri za masiku ano zimaiposa SS100. Amagula kusowa kwa chinthucho, mapepala otsimikiza kuti chinachoka kwa uje kupita kwa uje, ndiponso dzina la munthu amene anachigwira. Chitsanzo chake ndi ichi. Mu 2013 kampani ya Harley-Davidson inapatsa Papa Francis njinga yamoto, iye n'kusaina dzina lake pa thanki. Akatswiri ankati ingagulidwe ma yuro 12,000 mpaka 15,000. Koma pa okishoni ku Paris mu Febuluwale 2014 inapita pa ma yuro 241,500, ndipo ndalamazo zinakathandiza malo ogona ndi odyera anthu osowa pokhala ku Rome. Injini inali yomweyo. Chimene chinakweza mtengo ndi siginecha.

Tibwerere kwa Lawrence. Pakati pa madokotala amene anaitanidwa kudzamuona panali Hugh Cairns, katswiri wa maopaleshoni a ubongo wochokera ku Australia. Imfayo inamukhala pamtima. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba, iye anaona kuti asilikali ambiri operekera mauthenga pa njinga zamoto akufa ndi kuvulala m'mutu, asanaone n'komwe mdani. Anafufuza bwino nkhaniyi, ndipo mu 1941 analemba zimene anapeza m'magazini ya madokotala ya British Medical Journal. Chaka chomwecho gulu lankhondo la Britain linalamula kuti msilikali aliyense wokwera njinga yamoto azivala helemeti. Mu 1973 dziko la Britain linaika lamuloli kwa anthu onse, ndipo maiko ambiri ali nalo tsopano. Malamulo athu a pamsewu nawonso amafuna kuti woyendetsa ndi wokwezedwa onse avale.

Nanga pa siteji ya ku Area 23 timaona chiyani? Timaona helemeti itakolekedwa pa chiwongolero, kapena itangoikidwa pamutu lamba wake ali lendelende. Wokwezedwa amati ndi yonunkha thukuta, mayi amati imuphwanyira duku, ndipo pa njinga imodzi pamakwera atatu, wina ali ndi khanda kumbuyo. Chipewa chosamanga lamba chimavuka munthu asanafike pansi. Amene anakhalapo ndi wodwala wa ngozi ku Kamuzu Central Hospital akudziwa mapeto ake.

Tsono inu makolo a kunyanja, mwana wanu akakuimbirani foni kuti wapeza njinga ya abwana yoti aziyendetsa, musangofunsa za ndalama zimene azitumiza. Mufunseninso ngati ali ndi laisensi, ngati ali ndi mahelemeti awiri, ndiponso ngati amamanga lamba. Njinga ya Lawrence inakonzeka itagwa, ndipo anthu akuisirirabe patapita zaka 90. Mwini wake sanadzukenso. Lifo wa mwana wanu sadzalowa mumyuziyamu, koma mwanayo mukumuyembekeza kumudzi ali wamoyo.