Kadontho kamodzi kangathe kuvulaza khanda ku nesale

Khanda lobadwa masiku asanakwane, lolemera kilogalamu imodzi ndi theka, likadwala matenda a m'magazi limabayidwa gentamicin. M'sabata yoyamba, mlingo umene bungwe la WHO limalangiza kwa mwana wochepa chonchi ndi mamiligalamu 3 pa kilogalamu, kamodzi patsiku. Kabotolo kofala kamakhala ndi mamiligalamu 80 m'mamililita 2, choncho namwino amayenera kukoka mamililita 0.11 okha. Kadontho kakalembedwa pamalo olakwika n'kukhala 1.1, mwana walandira mankhwala kuwirikiza kakhumi. Gentamicin akachuluka amawononga impso, ndipo angagonthetse mwana moyo wake wonse.

Zotere zimachitika ngakhale kumene ndalama zilipo. Mu 2006, pachipatala cha Methodist mumzinda wa Indianapolis ku America, makanda atatu anamwalira atapatsidwa heparin wa akuluakulu, wamphamvu kuwirikiza ka 1,000, chifukwa timabotolo tinkafanana. Ine sindiona nzeru kungoloza chala namwino wotopa amene wachezera usiku ndi makanda ambirimbiri. Chofunika ndi dongosolo logwira cholakwa chisanafike pa mwana: kumuyeza pasikelo tsiku lililonse, kupachika tchati cha milingo pakhoma, ndiponso kuti anthu awiri awerengetse mlingo payekhapayekha asanabaye.

Kudyetsa nako kuli ndi misampha yake. Kachubu kodutsa m'mphuno kupita m'mimba kangathe kusuntha, mkaka n'kulowa m'mapapo, n'chifukwa chake kamayenera kuonedwa nthawi iliyonse mwana asanadye. Choopsa kwambiri ndi kulumikiza sirinji ya mkaka ku chubu cha dilipi, chifukwa mkaka ukalowa mumtsempha ungathe kupha. Masiku ano kuli zolumikizira zotchedwa ENFit zimene sizilowa pa dilipi, koma kumene sizinafike, sirinji ya mkaka ilembedwe ndi kusungidwa payokha.

Kwathu kuno, kaya ku nesale ya Chatinkha ku Blantyre kaya pachipatala china chaboma, khanda limakhala lisanapatsidwe dzina, limadziwika ndi dzina la mayi. Nanga a Banda ndi a Phiri alipo angati m'wodi imodzi? Nanga mapasa? Kapu ya mkaka wofinya ikasinthana, mwana angamwe mkaka wa mayi wina, ndipo HIV imatha kudutsira mumkaka.

Amayi, inu ndi amene mumakhala pafupi ndi mwanayo usana ndi usiku. Onetsetsani kuti kapu yanu ndi kalamba ka pamkono wa mwana zili ndi dzina lanu. Mukaona jakisoni wachilendo, kapena mwana akutsamwa ndi kusintha mtundu pakudya, itanani anamwino nthawi yomweyo, musachite manyazi kufunsa.