Mwana waulumali m'kalasi ya onse: kulembetsa dzina si kuphunzira

Maphunziro ophatikiza ndi dongosolo lakuti mwana aliyense, kaya ndi wosaona, wosamva, wolumala miyendo kapena wochedwa kugwira zophunzitsidwa, aziphunzira pa sukulu ya kufupi ndi kwawo, m'kalasi imodzi ndi ana amsinkhu wake, ndiponso kuti sukuluyo ndiyo isinthe kaphunzitsidwe, zipangizo ndi malo ake kufikira mwanayo atayamba kupindula. Mbali yachiwiriyi ndiyo imatsalira kawirikawiri, chifukwa kulemba dzina m'kaundula n'kosavuta ndipo kumaoneka m'malipoti, pamene kusintha kaphunzitsidwe kumalira nthawi, luso ndi ndalama. Motero alipo ana ambiri amene amafika pasukulu m'mawa uliwonse atavala yunifolomu, koma chaka n'kutha asanaone kapena kumva zambiri mwa zimene mphunzitsi anaphunzitsa, ndipo akalephera mayeso mlandu umagwera iwo omwe, n'kumatchedwa mbuli.

M'dziko la Malawi maphunziro a ana aulumali anabwera ndi amishoni, amene m'zaka za m'ma 1950 anatsegula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Pambuyo pake mpingo wa Katolika unayambitsa ntchito yophunzitsa ana osamva ndi yosula aphunzitsi apadera ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, komwe aphunzitsi a ntchitoyi akuphunzirira mpaka lero. Sukulu zogonera komweko monga Maryview, Mua ndi Embangweni zatulutsa anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga amene popanda sukuluzi akadangokulira kuseri kwa nyumba, ndipo sizoyenera kunyozedwa. Vuto lake n'lakuti malo m'sukulu zoterezi ndi ochepa kwambiri. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina, zomwe zikusonyeza kuti ana ochuluka oterewa sadzapezapo malo ogonera m'sukulu yapadera, ndipo sukulu yokhayo imene angaifikire ndi ya m'mudzi mwawo.

Mu June 1994 nthumwi za maboma 92 ndi mabungwe 25 zinakumana ku Salamanca m'dziko la Spain motsogoleredwa ndi UNESCO, n'kugwirizana kuti sukulu wamba ziyenera kulandira ana onse mosayang'ana mmene thupi kapena nzeru zawo zilili. Chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, moti boma linachita kulemba aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji. Zinthu ziwirizi ziyenera kuwerengedwa pamodzi, pakuti mfundo yolandira ana aulumali inafika pa nthawi imene makalasi anali atasefukira kale. Dziko la Italy litathetsa makalasi apadera mwa lamulo la mu 1977, linapereka aphunzitsi othandizira n'kuchepetsa chiwerengero cha ana m'kalasi imene muli mwana waulumali, pamene kuno mphunzitsi wa Sitandade 1 kapena 2 amatha kuyang'anizana yekha ndi ana opitirira 100 atakhala pansi.

Pangano la United Nations lokhudza ufulu wa anthu aulumali, lomwe linavomerezedwa mu 2006 ndipo Malawi analowamo mu 2009, likunena m'ndime 24 kuti maphunziro ophatikiza ndi ufulu wa mwana, osati chifundo cha mphunzitsi wamkulu. Mu 2016 komiti yoyang'anira panganoli inafotokoza kuti kuika mwana m'kalasi wamba popanda kusintha kalikonse, n'kumayembekezera kuti adzionera yekha, sikuphatikiza kumene panganoli likufuna. M'dziko muno munakhazikitsidwa lamulo la anthu aulumali mu 2012, lomwe linalowedwa m'malo ndi la mu 2024, komanso ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ya zaka za 2017 mpaka 2021. Malamulo alipo ndithu, koma nkhani yonse imakathera pa zimene zimachitika pakati pa bolodi ndi mwana.

Ntchito yoyamba ya mphunzitsi ndi kuzindikira, ndipo iyi silira makina. Ulumali wambiri wa m'kalasi suonekera kunja. Mwana amene amapendeketsa mutu kuti khutu limodzi liloze kwa wolankhula, amene amayankha zosemphana ndi funso, kapena amene amayamba wasuzumira m'kope la mnzake asanalembe, nthawi zambiri sakhala wamwano kapena waulesi, koma kuti sakumva bwino, mwina chifukwa cha mafinya a m'khutu amene sanachizidwe, malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi amene anadwala ali wakhanda. Wina amatsinzina diso poyang'ana bolodi, amasendeza buku pafupi ndi mphuno, ndipo pokopera amadumpha mizere. Mphunzitsi wodziwa zizindikirozi amaitana kholo, kulifunsa mbiri ya mwana n'kumutumiza kuchipatala, koma sadikira kalata ya dokotala kuti amusunthire kutsogolo, kuti azilemba zilembo zikuluzikulu ndi choko choyera pa bolodi lopakidwa bwino, ndi kuti aleke chizolowezi cholankhula atafulatira ana uku akulemba.

Ana achialubino akusonyeza bwino mmene kusadziwa kumapwetekera ngakhale pamene cholinga chili chabwino. Kalembera wa mu 2018 anawerenga anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno. Pafupifupi onse amaona movutikira, chifukwa kuchepa kwa melanini, chinthu chimene chimadetsa khungu ndi tsitsi, kumakhudzanso kapangidwe ka diso, moti maso amagwedezeka okha ndipo kuwala kwambiri kumawathobwa. Komabe vutoli silinka likukula mpaka kufika pa kusaoneratu, ngakhale kuti kwa zaka zambiri ena mwa anawa ankaphunzitsidwa zilembo za osaona poganiza kuti maso awo adzafa. Chimene mwana wotere amafuna n'chochepa: kukhala kutsogolo koma kumbali yosawomba dzuwa la pawindo, kuloledwa kuvala chipewa chachikulu ndi malaya aatali manja ngakhale zikusemphana ndi yunifolomu, kupatsidwa buku lakelake m'malo mogawana ndi anzake atatu, ndi kuloledwa kudzuka n'kuyandikira bolodi popanda kukalipiridwa. Kuyambira chakumapeto kwa 2014, pamene kuphedwa ndi kubedwa kwa anthu achialubino kunachuluka, makolo ena anasiyitsa ana awo sukulu poopa njira, kotero kwa anawa kuphatikiza kumayambira pa funso lakuti ayenda ndi yani popita ndi pobwerera, nkhani imene mafumu ndi makomiti a sukulu angaithe bwino kuposa katswiri aliyense.

Kwa mwana wosaoneratu, njira imene yagwira ntchito m'dziko muno ndi ya risosi senta, ndiko kuti chipinda cha pa sukulu wamba momwe muli mphunzitsi wapadera ndi zipangizo, komwe mwana amapita kukaphunzira luso limene kalasi wamba singamupatse, kenaka n'kubwerera kwa anzake. Luso lalikulu ndi zilembo za Braille, zimene Louis Braille wa ku France anakonza m'zaka za m'ma 1820, momwe chilembo chilichonse chimapangidwa ndi timadontho totukuka tosapitirira 6 towerengedwa ndi nsonga za zala. Mwana akamalemba ndi kachitsulo koboolera pepala amayambira kudzanja lamanja kupita kumanzere, kuti akatembenuza pepalalo timadontho tiwerengeke bwino, ndipo amene ali ndi mwayi amagwiritsa ntchito makina a Perkins. Mphunzitsi wa kalasi sadziwa kuwerenga timadonthoto, choncho mphunzitsi wapadera amatenga ntchito ya mwanayo n'kulemba ndi cholembera pamwamba pa mzere uliwonse kuti ichongedwe pamodzi ndi ya ena. Unyolo umenewu ndi wosakhalira kuduka, pakuti pepala lokhuthala la Braille likatha, makina akawonongeka popanda wokonza, kapena buku latsopano likafika m'zilembo wamba zokha, mwanayo amabwerera ku kumvetsera chabe, ndipo masamu saphunzirika ndi makutu okha.

Nkhani yovuta koposa ndi ya ana osamva, ndipo pano m'pamene okonda maphunziro ophatikiza ayenera kulankhula mosamala. Ana osamva oposa 90 mwa 100 alionse amabadwa kwa makolo akumva, amene sadziwa chinenero chamanja, kotero mwana amatha kufika zaka 6 kapena 7 alibe chinenero chilichonse chokwanira, kupatula zizindikiro zochepa zapakhomo zoitanira ku chakudya kapena zotumira madzi. Chosowa chake choyamba si mpando wa kutsogolo ayi, koma chinenero, ndipo chinenero chimaphunziridwa kwa anthu amene amachigwiritsa ntchito tsiku lonse. Kuwerenga milomo, komwe ambiri amakukhulupirira, kumathandiza pang'ono chabe, chifukwa mawu ngati phala ndi bala amaoneka chimodzimodzi pakamwa. Msonkhano wa aphunzitsi a osamva wa ku Milan mu 1880 unagamula kuti ana aziphunzitsidwa kulankhula ndi pakamwa m'malo mwa manja, ndipo chigamulocho chinabwezera m'mbuyo mibadwo ingapo ya anthu osamva m'mayiko ambiri. Chinenero chamanja cha ku Malawi ndi chinenero pachokha, chokhala ndi malamulo ake osiyana ndi a Chichewa kapena Chingerezi, ndipo bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa kale mtanthauziramawu wake. Mwana wosamva mmodzi yekha pakati pa ana 90 akumva, wopanda womasulira ndiponso wopanda mnzake wocheza naye, ndi wosalidwa kuposa amene ali ku Mua pakati pa anzake. Chikalata cha msonkhano wa ku Salamanca nachonso chinavomereza kuti ana osamva angathandizike bwino m'sukulu kapena m'makalasi awoawo. Nzeru yabwino tsono ndi kusonkhanitsa ana osamva a m'dera limodzi pa sukulu wamba imodzi, pomwe pali aphunzitsi odziwa manja, makamaka amene iwo eni ndi osamva, kusiyana ndi kuwamwaza mmodzimmodzi kuti malipoti aoneke okoma.

Gulu lalikulu kwambiri ndi la ana ochedwa kugwira zophunzitsidwa, ndipo muli mitundu yosiyana imene siyenera kuphatikizidwa pamodzi. Wina nzeru zake zonse zimakula pang'onopang'ono, pamene wina ndi wochenjera polankhula koma zilembo zimamusokonekera powerenga. Chida chachikulu apa ndi pulani ya mwana payekha, pepala limene mphunzitsi wa kalasi, mphunzitsi wapadera ndi kholo amalembapo zimene mwana akutha panopa, zimene akufuna kuti adzathe pomatha teremu, ndi amene achite chiyani. Ngati anzake akuwonkhetsa manambala a mazanamazana, iye angakhale akuwerenga zitsekerero za mabotolo mpaka 20 m'phunziro lomwelo la masamu, ndipo kupita patsogolo kwake kuyezedwe ndi pomwe anayambira. Kubwereza mwana wotere Sitandade 2 katatu, mpaka atatalika kuposa anzake onse, ndiko kumamuthamangitsa pasukulu.

Zina zimene zimachotsa ana pasukulu si za m'kalasi n'komwe. Mwana woyendera njinga ya olumala angathe kulowa m'kalasi ya chitunda chotsetsereka, koma ngati chimbudzi chili chothina ndi chonyowa moti ayenera kukwawa ndi manja, amasiya kumwa madzi m'mawa, ndipo pamapeto pake amasiya kubwera, makamaka mtsikana akatha msinkhu. Mwana wa khunyu amathawidwa chifukwa cha chikhulupiriro chakuti matendawa amapatsirana kudzera m'malovu, zomwe si zoona, ndipo akagwa chofunika ndi kumuchotsera zinthu zomupweteka, kumugoneka chammbali ndi kusamuika kanthu kalikonse m'kamwa.

Makolo a ana ena amadandaula kuti mwana waulumali achedwetsa kalasi, ndipo dandauloli liyenera kuyankhidwa mwaulemu. Zambiri zimene mphunzitsi amasintha, monga kulemba mooneka, kutchula mokweza zimene akulemba, kuyang'ana ana polankhula ndi kuwagawa m'magulu othandizana, zimapindulira kalasi yonse, kuphatikizapo ana amene vuto lawo silinazindikirike. Chimene chimachedwetsa kalasi ndi kuchuluka kwa ana ndi kusowa kwa womuthandiza mphunzitsi, ndipo mtolo umenewu si wolungama kuusenzetsa mphunzitsi mmodzi amene ku koleji anangomvako mutuwu mwapatalipatali. Aphunzitsi apadera ndi ochepa, ndipo amene amayendera sukulu zingapo za m'zoni amagonja ndi mitunda, makamaka nyengo ya dzinja. Choipa kwambiri n'chakuti pa sukulu yosowa aphunzitsi, wochokera ku Montfort amapatsidwa kalasi yakeyake yodzaza ngati wina aliyense, luso lake n'kukhala m'thumba, ndipo risosi senta imatsekulidwa pokhapokha akapeza mpata. Mphunzitsi wamkulu ndi mlangizi wa maphunziro wa m'zoni ali ndi mphamvu yokonza zimenezi polemba ndandanda wa maphunziro kumayambiriro kwa teremu, pomupatula mphunzitsiyo maola okwanira oti akhale ndi ana ake, alembe ntchito za Braille, alowe m'makalasi a anzake kukawalangiza, ndi kutumiza msanga ku bungwe la MANEB mayina a olemba mayeso a Sitandade 8 amene akufunika mapepala a Braille, a zilembo zikuluzikulu kapena nthawi yowonjezera.