KHOBIDI LOLAKWIKA POPANGA NDI KHOBIDI LOONONGEKA: KUSIYANA KWAKE

M'midzi yambiri muli nkhalamba zimene zinasunga makobidi akale m'tizitini ndi m'masutikesi. Ena ndi a nthawi ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ena ndi masheleni a 1964, ndipo ena ndi ngwee zimene zinayamba kugwira nchito pa 16 January 1968. Mbiri inafala yakuti khobidi looneka mwacilendo ndi cuma, ndipo ena ataya ndalama zao pogula makobidi opindika kwa anthu acinyengo.

Nzoona kuti osonkhanitsa makobidi amalipira bwino khobidi limene linalakwika popangidwa. Mu 2008 fakitale ya Royal Mint ku Britain inaturutsa makobidi a 20 pence opanda caka, cifukwa inaphatikiza cidindo cakale ndi catsopano, ndipo makobidi ameneŵa amagulidwa pa mtengo woposa kwambiri 20 pence. Koma khobidi limene linaonongeka litacoka kale ku fakitale limatsika mtengo. Makobidi ambiri acilendo opezeka m'midzi ndi a mtundu waciwiriwu.

Kuti munthu asiyanitse, ayenera kudziwa mapangidwe ake. Makina amadula tizitsulo tozungulira pa citsulo caphanthiphanthi, nakweza m'mbali mwake. Kenaka kacitsulo kamaikidwa pakati pa zidindo ziwiri, ca mutu ndi ca kumbuyo, ndipo kamapanikizidwa mwamphamvu kali m'kati mwa mphete imene imaumba m'mphepete. Colakwa ceniceni cimacitika pa nthawi imeneyi kapena isanafike. Zonse zocitika pambuyo pake ndi kuonongeka cabe.

Cizindikiro coyamba ndi mzere. Cidindo cikang'aluka, citsulo cimalowa mu mng'aluwo, ndipo pa khobidi pamaoneka kamzere kotukuka. Koma mzere wa mpeni kapena wa msomali umalowa m'kati, ndipo m'mbali mwake mumakhala citsulo cokankhidwa monga dothi la m'mbali mwa mzere wa pulawo.

Caciwiri ndi khobidi lobenthuka. Makina akadula pafupi kwambiri ndi pamene anadula kale, kacitsulo kamaturuka koperewera mbali imodzi. Pa khobidi lotere zilembo zimafooka pang'onopang'ono poyandikira pobenthukapo, ndipo kawirikawiri mkombero wa mbali yoyang'anana nayo umakhalanso wofooka. Khobidi lodulidwa ndi sowo kapena cisulo liri ndi zilembo zakuthwa mpaka podukapo, ndipo podukapo pamanyezimira kapena pamakhala timizere ta cida.

Cacitatu ndi cibowo. Peni ya Citaganya, ya njobvu ziwiri ija, ndi peni ya Zambia ya 1966, zinapangidwa ndi cibowo pakati, cotero cibowo cimeneci si colakwa. Colakwa ndi peni ya mtunduwu imene inaturuka yopanda cibowo, kapena imene cibowo cake cinakhala pambali. Cibowo cacing'ono ca kumphepete pa tiki kapena pa sheleni cinabooledwa ndi munthu wofuna kubvala khobidilo m'khosi, ndipo mlomo wake umakhala wotukuka.

Cacinai ndi cithunzi cosakhala pakati. Kacitsulo kakakhala molakwika pa cidindo, mbali imodzi imatsala yosalala, yopanda cilembo ciri conse, pamene mbali yodindidwa iri ndi zilembo zooneka bwino. Khobidi lopondedwa ndi sitima pa njanji kapena losulidwa ndi nyundo limatambasuka, ndipo zilembo zake zimaphwanyika.

Moto ndi dothi nazo zimanyenga. Khobidi lopsya m'nyumba limada ndipo nthawi zina limatupa matuza. Lokhalitsa m'nthaka limacita ndere yobiriwira ndi timaenje. Asidi wa m'batire amalidya mpaka lipyapyale, zilembo zake nkukhala zosaoneka bwino. Zonsezi si zolakwa za ku fakitale.

Pali nkhani inanso ya maginito. Ngwee imodzi ya 1968 ndi ya mkuwa ndipo sigwira maginito, koma ya 1983 ndi citsulo cokutidwa ndi mkuwa, cotero imagwira. Makobidi onse a mtunduwo ali comweco, ndipo wogulitsa amene anena kuti limeneli ndi dabwi akufuna kudya ndalama za mnzace.

Munthu wokhala ndi khobidi lokayikitsa aliike pambali pa linzace la caka comweco, ayerekeze kukula, kucindikala ndi kulemera kwake, ndipo aliyang'ane pa dzuwa ndi galasi lokuza zinthu. Funso nlimodzi: kodi zidindo ziwiri ndi mphete zingathe kupanga cimene cikuonekaci? Ngati nyundo, mpeni kapena moto zingacipange, khobidilo ndi loonongeka.

Koposa zonse, khobidi lakale lisatsukidwe ndi mcenga, phulusa kapena mandimu. Kukweca kumacotsa khungu lake, ndipo ogula odziwa amakana khobidi lotere ngakhale litakhala lolakwika zenizeni. Lisungidwe pouma, m'kapepala kakekake, ndipo mwini wake asapereke ndalama kwa munthu wolonjeza kumupezera wogula khobidilo lisanaonedwe ndi odziwa.