KAPU YOSUNGA KUTENTHA: MASANKHIDWE ACE

Nkhani yathu ya lero ikhudza onse amene alawirira ku nchito m'mamawa muno m'Lusaka. M'miyezi ya June ndi July cisanu cikula ndithu, ndipo masiku ambiri m'banda kuca kuzizira kutsika pansi pa madigiri 10. Anthu a ku Roma amene atsata mseu wa Zambezi, a ku Chelstone amene adzera mseu wa Great East, a ku Kabwata, Woodlands ndi Kabulonga, onse athamangira basi kuti afike m'tauni miseu isanadzaze. Nthawi yokhala pansi ndi kumwa tiyi palibe. Ndico cifukwa cace ambiri tsopano anyamula tiyi kapena khofi m'kapu ya cibvundikiro, imene iri ngati mwana wa fulasiki.

Koma makapu amenewa sali amodzimodzi. Ena asunga tiyi wotentha kufikira masana, ena angoyera maso, tiyi nazizira munthu asanafike pa Kulima Tower. Tsono tiyeni tione cimene ciwasiyanitsa, kuti ndalama zanu zisapite pacabe.

Poyamba tidziwe kuti kutentha kuthawa m'njira zitatu. Njira yoyamba ndiyo kuyenda m'cinthu cokhudzana naco, monga umo supuni itenthera mukaisiya m'tiyi. Yaciwiri ndiyo kutengedwa ndi mpweya kapena nthunzi, monga muona pa mphika wosabvundikira. Yacitatu ndiyo kuwamba, kuja mukumva kumaso mukakhala pafupi ndi mbaula ngakhale simunaikhudza.

Munthu amene anatseka njira zimenezi ndiye Sir James Dewar, wa ku Scotland. M'caka ca 1892, alikugwira nchito ku London, anapanga botolo la galasi la zipupa ziwiri, nacotsa mpweya umene unali pakati pa zipupazo. Pambuyo pace anapaka siliva kuti kutentha kowamba kubwerere m'kati, monga kuunika kubwerera pa kalilole. Iyeyo sanali kuganiza za tiyi ai, anafuna kusungiramo zinthu zozizira kopambana za m'maphunziro ace. Anali Reinhold Burger, mmisiri wa galasi wa ku Germany, amene anaona kuti botolo lotere lingathandize pa nyumba, ndipo m'caka ca 1904 linayamba kugulitsidwa ndi dzina lakuti Thermos. M'caka ca 1913 William Stanley wa ku America anapanga lina la citsulo cokhacokha, losasweka ngati galasi. Makapu abwino a masiku ano ndiwo zidzukulu za mabotolo amenewa.

Cinsinsi conse ciri pa mpata uja wopanda mpweya. Pamene palibe mpweya, kutentha kusowa poyenda. Apa ndipo ambiri anyengedwa, pakuti alipo makapu a zipupa ziwiri amene mpweya ukali momwemo pakati, makamaka aja a pulasitiki kunja. Otere asunga kutentha kanthawi kocepa cabe. Werengani mau olembedwa pa bokosi. Ngati alemba kuti "vacuum insulated" ndiye kuti mpweya unacotsedwa. Ngati angolemba "double wall" ndiye kuti anena za zipupa ziwiri zokha. Pansi pa kapu mungapezenso manambala akuti 18/8 kapena 304. Amenewa atanthauza citsulo cosacita dzimbiri, coyenera zakudya, cosasintha kukoma kwa tiyi.

Komabe mau a pa bokosi si umboni wokwanira. Musanalipire, mfunseni wogulitsa ngati adzalola kubweza kapuyo ikapezeka yolakwa, ndipo sungani lisiti. Mukafika kwanu thiranimo madzi owira, tsekani, nimudikire mphindi 5. Kenaka gwirani pamimba pa kapu. Ngati ndi pozizira, mwagula cinthu cabwino. Ngati patentha dzanja, dziwani kuti kutentha kulikuturuka, ndipo mpata uja mulibe kapena unaonongeka. Kapu yabwino ibisa moto wace.

Caciwiri coyang'ana ndico cibvundikiro, pakuti mbali imeneyi iribe mpata wopanda mpweya, ndipo kutentha kwambiri kuturukira pomwepo. Zibvundikiro zina ziri ndi kacitseko kongokankha. Zimenezi zipangidwira munthu woyendetsa galimoto yace, amene aimika kapu pambali pace. Kwa munthu wokwera minibasi sizithandiza, cifukwa basi ikagunda pa dzenje, kapena mnzanu akakukankhani poturuka, tiyi atayikira pa zobvala zanu ndi za anzanu. Sankhani cibvundikiro comanga mozungulira, cokhala ndi kamphira kotseka bwino m'mphepete mwace. Kuti mucidziwe, thiranimo madzi ozizira, tsekani, nimuitembenuze kapu cadodolido pamwamba pa beseni. Ikadontha ngakhale dontho limodzi, musaiike m'cola muli mapepala a ku nchito kapena foni.

Cacitatu ndico kukula kwace. Kwa munthu mmodzi, kapu ya mamililita 350 kufikira 500 ikwana. Musakopeke ndi yaikuru poganiza kuti ndiyo yopambana, pakuti kapu yodzala theka izizira msanga kuposa yodzala ndithu. Pakamwa pace pakhale potakata pang'ono kuti mukhoze kutsuka mpaka pansi.

Ngakhale kapu yabwino ifuna kuithandiza. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo cifukwa ca ici madzi awira pa madigiri ngati 96, osafika 100 monga kugombe. Mukathira tiyi m'kapu ya citsulo imene yagona m'cisanu usiku wonse, citsulo cimwa kutentha kwina nthawi yomweyo. Cifukwa cace yambani mwathiramo madzi otentha, akhalemo mphindi ziwiri kapena zitatu, muwataye, ndipo pamenepo thirani tiyi wanu.

Tsono pali zoopsa ziwiri zimene sitingaleke kuzichula. Coyamba, kapu yabwino isunga tiyi wotentha kopitirira, ndipo popeza kunja kwace ndi kozizira, munthu aiwala namwa mwamphamvu. M'caka ca 2016 akatswiri a matenda a khansa a bungwe la World Health Organization ananena kuti kuzolowera kumwa zakumwa zotentha kuposa madigiri 65 kuyenera kuti kucititsa khansa ya kum'mero. Tsegulani kapu, nthunzi ituruke pang'ono, nimulawe musanamwe. Ndipo m'basi yodzaza, makamaka pamene mai wina wafukata mwana pafupi nanu, ndi bwino kapu ikhale yotseka kufikira mutatsika.

Coopsa caciwiri ndi mkaka. Tiyi wamkaka akatsika pansi pa madigiri 60, tizirombo toyambitsa matenda a m'mimba tiyamba kuswana. Wa m'mawa amwedwe m'mawa womwewo. Musasunge wotsala kuti mudzamwe pobwerera madzulo.

Za kasamalidwe, tsukani kapu tsiku ndi tsiku ndi sopo ndi madzi ofunda. Cotsani kamphira kaja nimukatsuke pakokha, cifukwa litsiro ndi nkhungu zibisala pansi pace, ndipo ndizo zibweretsa pfungo. Ngati m'kati mwada ndi tiyi, ikanimo supuni imodzi ya soda wophikira ndi madzi otentha, zigonemo usiku. Musathiremo mankhwala oyeretsera zobvala, pakuti adya citsulo. Musaiike pa moto kuti mutenthetse tiyi, ndipo cenjerani isagwe pa simenti, cifukwa ikaphwanyika mpweya ungalowe pakati pa zipupa, ndipo palibe mmisiri wa pa msika amene angaucotsenso.

Pomariza, abale, musasankhe kapu cifukwa ca kuwala kwa utoto wace kapena kucepa kwa mtengo wace kokha. Kapu yochipa yosasunga kutentha mudzaigula kawiri. Funsani zinthu zitatu: kodi pakati pa zipupa anacotsa mpweya, kodi cibvundikiro citseka osadontha, kodi ndikhoza kuitsuka bwino? Ikayankha bwino mafunso atatu amenewa, idzakutumikirani nyengo zambiri za cisanu.